PA MKEKA WA MWALIMU: Mbuzi za Anganga ndi Nyanja Yothawa

Miyezi itatu yatha chilankhulirane, ndipo makalata anu ndawalandira. Ena ndidzawayankha m'kope likudzali. Lero ndiloleni ndikutengereni kumudzi kwa amayi anga, kufupi ndi doko la Kachulu m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, kumene masabata apitawa kudabuka mkangano wa mbuzi zinayi.

Mbuzizo ndi za Anganga, amayi a amayi anga. Mng'ono wanga, amene wakhala akukoka makoka a eni kwa zaka zisanu, adatopa ndi kachigawo kamene amapatsidwa akabwera ku nyanja. Adawerengera kuti mbuzi zinayizo zitagulitsidwa, n'kuphatikiza ndi kandalama kamene adasunga, angathe kugula bwato la matabwa pamodzi ndi mnzake. Adapempha mwaulemu ndithu, nalonjeza kuti nsomba zikayamba kulowa adzabweza mbuzi zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi. Anganga adamvetsera mpaka adatsiriza, kenaka adangoti, "Ayi," n'kupitiriza kusenda nandolo wawo.

Mng'ono wangayo adadza kwa ine. "Achimwene, inu ndi mwalimu, Anganga amakumverani. Kawauzeni kuti mbuzi yongokhala pachingwe sibweretsa ndalama ngati bwato." Ndisanamize owerenga, mumtima ndidagwirizana naye.

Ndidapita Loweruka masana. Ndidawapeza pakhonde atayala mkeka, mbuzi zitamangiriridwa patsinde pa mango. Maso awo adachita ng'ala ndipo saonanso patali, koma adandizindikira ndi mayendedwe. "Mwabwera amuna anga? Akutumani za mbuzi zija, eti?" Paja kwathu agogo aakazi amatchula mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo, ndipo pa chibale chimenechi mpamene munthu amanenerapo zimene sanganene kwa amayi ake. Ndidavomera kuti andituma. Adaseka. "Khalani pansi tsono. Muyambe mwamva kumene mbuzi izi zidachokera. Mukamva muweruza nokha, paja ndinu ophunzira."

Anganga sadziwa chaka chimene adabadwa. Amayi awo ankawauza kuti adabadwa asilikali a KAR akubwerera ku Zomba kuchokera ku nkhondo ya ku Burma, ndiye kuti ndi 1945 kapena 1946. Njala ya 1949 idawapeza ali kamwana, ndipo zimene amadziwa za chaka chimenecho ndi zongouzidwa: kuti amayi ankalowa m'madzi mpaka m'chifuwa kukazula nyika, ndi kuti anthu a kumtunda ankatsika ndi makasu ndi nsalu zawo kudzasinthanitsa ndi mlamba wouma. Zimene adaona ndi maso awo zikuyambira m'zaka za m'ma 1950, masiku a mapeni, matiki ndi mashilingi, kwacha isanadze.

Mudzi wawo udali pa kamtunda, monga midzi yambiri ya kuno. Ukatsika pang'ono umafika m'dambo, kupitirira dambo umalowa m'bango ndi m'njedza, ndipo kuseri kwa njedzazo ndiye madzi, chilumba cha Chisi chili poteropo. Banja lililonse lidali ndi minda itatu: wa kumtunda wa mapira, chimanga, nandolo ndi chinangwa, wa m'dambo wa mpunga, ndi dimba limene ankalima madzi akamaphwa, lobzalamo mbatata, maungu ndi chimanga chachiwiri. Bambo awo adali ndi bwato logoba ndi miono ingapo, ndipo kuseri kwa nyumba kudali khola. "Bambo anga ankati nyumba ya pa Chilwa ili ngati mphika," adatero Anganga. "Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi khasu, lachiwiri ndi mono, lachitatu ndi khola. Chotsanipo limodzi muone ngati nsima iphikika."

Ntchito yoyamba ya mwana idali kulinda mpunga. Cha mu Epulo ndi Meyi, ngala zikayamba kuwerama, mpheta zinkatera m'munda ngati mtambo, ndipo munda wosiyidwa tsiku limodzi lokha unkatsala mankhusu. Ana ankadzutsidwa tambala woyamba atalira, n'kutsetsereka m'mame ndi chikuni cha moto m'manja. Pakati pa munda padali chilindo, kansanja kofolera ndi udzu, ndipo kuchokera pamenepo zingwe za luzi zinkapita m'ngodya zonse, zitamangiriridwa zigoba za nkhono ndi tizitini. Mwana ankakoka chingwe, kukuwa ndi kuponya mibulu ya dothi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Akuti mawu ankasasa sabata yoyamba yomwe, misundu inkakakamira m'miyendo, za udzudzu n'zosayamba. Koma mpunga woyamba kucha, wokazinga m'phale ndi kusinja, ankayamba kulawa ndi mlonda wa mundawo akuluakulu asanaukhudze, ndipo Anganga akuti mpaka lero sadadyepo chakudya chokoma kuposa chimenecho.

Usiku udali wa akuluakulu, chifukwa ndiyo nthawi imene atsekwe ndi abakha a m'thengo ankatera, ndipo zaka zina mvuu inkatuluka m'njedza n'kumweta theka la munda kusanache. Amuna ankasonkha moto m'malire ndi kumenya zitini usiku wonse. Akafika pa nkhani ya dzombe, Anganga amaseka okha. Akuti likatera ana ankavina poona ndiwo, pamene amayi awo agwira m'mutu pokumbukira dzombe lalikulu la m'ma 1930 limene lidaphimba dzuwa. Mantha awowo adali ndi chifukwa. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta zili m'gulu la malo owerengeka m'chigawo chino cha Africa m'mene dzombe lofiira limaswana, ndipo n'chifukwa chake bungwe la mayiko lolimbana ndi dzombeli, la ku Ndola m'dziko la Zambia, limayang'anira madambo athu.

Chiweto chawo choyamba adachilandira mano a kutsogolo atangoguluka. Amjomba awo adawapatsa nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, nawauza kuti, "Izi ndi zako. Zikafa ndi njala usalire, zikathawa usafunse munthu." Mlongo wawo adawamangira chikwere pa mitengo inayi, ndipo m'mawa uliwonse kamtsikanako kankawaza misere ya mpunga, kuika madzi m'phale, ndi kuthira phulusa patsinde pa mitengoyo kuti linthumbu lisakwere. Nkhunda imaikira mazira awiri okha, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimakhalira mosinthana kwa masabata awiri ndi theka. Anganga akuti za ukwati adaziphunzira pa chikwere anankungwi asanawalangize. Pakutha pa zaka ziwiri chikwere chidadzaza, kotero kuti munthu akadwala m'mudzimo ankatuma mwana kudzapempha chiunda cha msuzi, ndipo mwini wopemphedwayo adali kamtsikana kosakwana zaka khumi.

Nkhani imene ana a m'banja mwathu amaikonda ndi ya thadzi ndi abakha. Ng'azi idali itazolowera kuba mazira a bakha amene ankaikira m'tchire pafupi ndi madzi, tsono amayi awo adatola mazira otsalawo n'kuwaika kunsi kwa nkhuku yokhalira. Nkhuku imadziwa masiku 21, koma dzira la bakha wa kumudzi limafuna masiku 35. Thadzi lija lidapirira, lidaonda mpaka kutsala nthenga zokha, koma lidaswa. Tsiku loyamba kutuluka nawo, ana onse adathamangira pa chithaphwi n'kuyamba kusambira, mayi wawo ali kumtunda kuthamanga uku ndi uko, kuitana mpaka mawu kutha. "Ndimati ndikaona amayi anu akukuwa pa doko mng'ono wanu akukwera bwato, ndimakumbuka nkhuku ija," adatero Anganga akupukuta misozi ya phwete.

Tsono tifike pa mbuzi. Masiku amenewo si banja lililonse lidali ndi mbuzi zake. Munthu wokhala nazo zambiri, kapena wogwira ntchito kutali, ankazipereka kwa mnzake kuti amuwetere, ndipo zikaswa wowetayo ankapatsidwa mwana mmodzi ngati chakhola. Amjomba aja ankaweta motero mbuzi za munthu wina wa ku Songani. Usiku wina fisi adaboola khola n'kugwira mkota umene udali utangoswa kumene, kamwana kake n'kutsala kakunjenjemera pakona. Mwini mbuzi atamva adati kamwanako ndiko chakhola, poganiza kuti sikagona masiku awiri. Amjomba nawo, posafuna kuvutika ndi chinthu chakufa kale, adakapereka kwa mwana wa mlongo wawo. Kadali koyera, kokhala ndi banga lakuda m'nthiti ngati chigamba pa malaya, ndipo dzina lidakhala lomwelo, Chigamba.

Anganga adali ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi. Adakagoneka pa chiguduli pafupi ndi moto. M'mawa ndi madzulo mlongo wawo ankagwira nyanga za mkota wina woyamwitsa, iwo n'kulowetsa kamwanako kunsi, mkotawo ukupalasa ndi kukana. Masana ankakamwetsa phala lamadzimadzi ndi chala. Kadatsegula m'mimba kawiri, kawiri konse anthu adati kapita, ndipo kawiri konse kadadzuka. Patatha mwezi kadayamba kubudula masamba a nandolo, ndipo kuyambira pamenepo kankawatsata paliponse, kuchitsime, kumtondo, ngakhale ku chilindo.

Ku chilindoko ndi kumene kudachokera mlandu. Tsiku lina dzuwa litatentha, atsikana anzawo adawaitana kukakola matemba ndi nsalu m'ngalande. Adamangirira Chigamba ndi mfundo ya changu n'kuthamanga. Pobwera adapeza chingwe chokha. Mbuzi idali m'munda wa mayi wina wamasiye, itadya mpunga wa mkaka dera lonse, ndipo m'munda mwawo momwe mpheta zidali pa phwando. Nkhani idafika kwa amfumu. Bambo awo akadatha kulipira ndi nsomba, koma adakana, nati amene adamanga mfundo ndiye alipire. Anganga adatenga nkhunda zinayi za m'chikwere chawo, kupita nazo okha kwa mayi uja, kugwada ndi kupepesa. "Ndidalira njira yonse," adatero. "Koma chichokere tsiku limenelo mfundo yanga sidamasukepo, ngakhale ya ndalama pansonga ya nsalu."

Chigamba adakula, natenga bere lake la miyezi isanu, ndipo kawirikawiri ankaswa awiriawiri. Anganga akuti mbuzi zinayi za patsinde pa mango zija ndi zidzukulu za zidzukulu zake, kutsata kuchikazi. Nditaonetsa kukayika, adayamba kundiwerengera ndi zala: yakuti idabala yakuti, ija idafa ndi zilonda za m'mapazi chaka cha madzi ambiri, koma mwana wake adali kwa achemwali awo ku Jali ndipo adakamtenga, ina idabedwa, koma inzake idali ya bere. Kawiri khola lidatsala ndi mbuzi imodzi, koma silidakhalepo lopanda kanthu. "Mbuzi nazo n'za chikamwini," adatero. "Atonde amabwera ndi kupita ngati akamwini, koma mbumba imakhala pamudzi."

Apa ndidayesa kulowetsa mawu a mng'ono wanga, akuti bwato lingathe kubweza mbuzizo kawiri. Anganga adakhala chete pang'ono, kenaka adandifunsa ngati ndikudziwa chimene chidachitika mu 1968. Chaka chimenecho iwo adali mayi wa mwana mmodzi. Mvula idali itavuta zaka zingapo zotsatizana, madzi ankathawa pang'onopang'ono, doko likusunthira m'kati mwezi ndi mwezi. Poyamba anthu adakondwa chifukwa nsomba zinkagwidwa ndi manja. Kenaka makumba adayamba kufa okha, fungo lidafika mpaka kumidzi ya kumtunda, akakowa ndi avuwo adadya mpaka kulemera kuuluka. Pomaliza padatsala dothi long'aluka, mphepo ikuulutsa fumbi loyera, anthu akupita ku Chisi wapansi.

Amuna adabalalika. Ena adamka ku Chiuta ndi ku Malombe maukonde ali pamutu, ena ku minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena adakalembetsa Wenela. Agogo anga aamuna adamka ku Malombe, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi sikudabwere kalata kapena shilingi. Anganga adatsala ndi mwana kumbuyo, nkhokwe yolekeza m'chiuno, ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri. "Nyanja idathawa, koma m'mene idachokamo mudamera msipu," adatero. "Mbuzi zanga zidanenepa chaka chimene anthu adaonda." Ankagulitsa imodzi, kugula chimanga, kudikira mpaka chitatsala pang'ono kutha, n'kugulitsanso ina. Ina idalipira msonkho wa amuna awo kuti asadzamangidwe pobwera. Zinayi zidapita, zitatu zidatsala, zonse zazikazi. Anzawo amene chuma chawo chonse chidali mu ukonde ndi bwato adasowa pogwira, popeza ndani angagule bwato pamene palibe madzi? Ena adawaza mabwato awo nkhuni. "Ukonde suphikidwa, amuna anga. Bwato silidya udzu n'kuswa." Madzi adabwerera ndi mvula ya kuchiyambi kwa 1969, koma nsomba zidatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti zichulukenso, kuchokera ku zochepa zimene zidabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'matope.

Zimene Anganga adaona ndi maso, ophunzira adazilemba. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi adafufuza nyanjayi kwa zaka khumi kuyambira 1966, ndipo zimene adapeza zidatuluka mu 1979 m'buku limene adalikonza Margaret Kalk ndi anzake. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ili ngati mbale yosaya, kotero kuti malo ambiri bwato amaliyendetsa ndi nsungwi yokankhira pansi. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Imadalira mvula yogwa m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, yotsika ndi mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, pamene dzuwa limamwa madziwo chaka chonse. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limapambana.

Zidachitika kangapo Anganga asanabadwe, zidachitika mu 1968, zidachitikanso mu 1995, chaka chimene mafumu ndi akuluakulu a zausodzi adaletsa kuthira katupe m'mitsinje kuti mbewu ya nsomba isathe. Mu 2012 madzi adathawanso kwambiri, ndipo mu 2018 ine ndi maso angawa ndidaona mabwato atagona chammbali pa matope pa Kachulu. Mng'ono wanga adaona nawo. Koma mvula ya mu Marichi 2019, ndi chigumula cha namondwe Freddy mu Marichi 2023, zidabweza madzi mpaka kulowa m'midzi, ndipo mnyamata akaona madzi pakhomo zaka zingapo amawayesa amuyaya. Kuchoka 1968 kufika 1995 padapita zaka 27. Kuchoka 1995 kufika 2018 padapita zaka 23, chenjezo la 2012 lili pakati. Onjezanipo dothi limene mitsinje ikutsitsa kuchokera m'mapiri amene tidameta mitengo. Tsiku lake silidziwika, paja chakudza sichiimba ng'oma, koma mnyamata aliyense wa zaka makumi awiri akhale akudziwa kuti nyanja imene ikumudyetsayi ili ndi chizolowezi chothawa.

Komabe owerenga asaganize kuti mng'ono wanga ndi wopusa, kapena kuti kale zonse zidali bwino. Dambo limene Chigamba ankadyamo lero ndi minda ya mpunga, ina ya m'masikimu monga a Likangala ndi Domasi amene adatsegulidwa cha m'ma 1970 ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan, ina ya anthu amene tachulukana. Malo odyetsera achepa, milandu ya mbuzi yachuluka, ndipo akuba amabwera usiku pa njinga zamoto. Nsomba zimabweretsa ndalama tsiku lomwelo, ndipo zaka za madzi ambiri matemba a pa Chilwa amafika m'misika ya dziko lonse. Mnyamata wofuna kumanga banja sangamangodikira miyezi isanu ya mbuzi. Ndiponso ubwana wa Anganga udali ndi mtengo wake wowawa. Sadalowepo m'kalasi, chifukwa mpheta sizidziwa tsiku la sukulu. Likodzo ankaliyesa chizindikiro cha kukula. Mwa ana asanu ndi anayi a amayi awo adakula anayi okha. Ine amene ndimaona ana akuchepa pa mkeka wa ku madrasa mpunga ukamacha, sindingapemphe kuti masiku a chilindo abwerere.

Chimene ndidachoka nacho pakhonde paja n'chakuti khola ndi nkhokwe yoyenda ndi miyendo, yosungira chaka chimene nyanja idzathawe, ndipo nkhokwe saipasula chifukwa chaka chino kwachita bwino. Mng'ono wanga ankafuna kuchotsa fuwa limodzi kuti akulitse linzake.

Madzulo ake tidakhala pansi tonse: amayi, amjomba athu, mng'ono wanga ndi Anganga. Ine amene ndidatumidwa kukagonjetsa nkhalamba ndidapezeka ndikuiyankhulira. Sitidamvane msanga. Pomaliza Anganga adalola kuti tonde ndi mkota umodzi zidzagulitsidwe Idi ya nsembe ikamayandikira, nthawi imene mitengo ya mbuzi imakwera, ndipo ndalamazo zidzapite ku bwato ngati ngongole. Misoti iwiri itsala. Mng'ono wanga sadakondwe kwenikweni, chifukwa ndalamazo sizikwana ndipo ayenera kukoka makoka a eni nyengo inanso. Mpaka lero akamandipatsa moni amayang'ana kumbali. Ndikhulupirira adzandimvetsa, ndipo pemphero langa ndi lakuti chodzamumvetsacho chisadzakhale chaka chonga 1968.

Kwa inu amene mukadali ndi khola, kapena mukufuna kuliyambanso, ndili ndi mawu ochepa. Kuno kwathu dothi limasunga madzi, choncho mangani khola la m'mwamba, la mipata pansi, kuti mbuzi zisagone m'matope ndi m'ndowe. Zilonda za m'mapazi ndi njoka za m'mimba zimachepa, manyowa mumawatola mosavuta, ndipo madzi akasefukira ziweto zimakhala pouma. Pomangirira pewani malo a zithaphwi zokhala ndi nkhono, chifukwa ndimo mumachokera tizilombo towononga chiwindi. Nkhuku zipatseni katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodontheza dontho limodzi m'diso, katatu pa chaka, makamaka nyengo yotentha isanafike. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akuuzani kumene akupezeka. Pogulitsa yambani ndi zazimuna ndi zokalamba, misoti ikhale yomaliza kutuluka. Ndipo mwana mupatseni chiweto chake, ngakhale kamwanapiye kamodzi, choti azichisamala asanapite ku sukulu ndi pobwera. Chikalakwa musamulipirire msanga. Mwana amene wadzukapo usiku chifukwa cha kulira kwa chiweto chake savuta kumuphunzitsa chifundo ndi kusunga za eni.

Chotsiriza ndi pempho. Sabata yatha ndidafunsa ana a m'kalasi mwanga, ana obadwira pa nyanja, kuti anditchulire mbalame za pa Chilwa. Adatchula zinayi. Anganga, ndi maso awo a ng'alawo, adanditchulira zoposa makumi awiri, iliyonse ndi kalilidwe kake ndi mwezi umene imafika. Iyi ndi nyanja imene, Malawi atalowa m'pangano la Ramsar mu 1997, idakhala yoyamba m'dziko muno kulembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, kaamba ka mbalame zake, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Alendo amadza kudzaziwerenga, pamene ana athu sadziwa maina ake. Ndawapatsa ntchito anawo kuti aliyense akakhale pansi ndi agogo ake, akafunse chiweto chawo choyamba, chimene ankadya chaka cha njala, ndi kumene adali nyanja itauma, ndipo akalembe m'kope. Inunso chitani chimodzimodzi nkhalambazo zikadali pakhonde, ndipo zimene mumve mutitumizire. Zina tidzazisindikiza pa tsamba lino.

Ndikutsazika tsiku lija, Anganga adaitana mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, amene amathawa mbuzi ikangomuyang'ana. Adamugwiritsa chingwe cha msoti umodzi wa bere, nati, "Ikaswa yaikazi ndi yako. Ikafa ndi njala usalire. Sendera kuno ndikuphunzitse mfundo." Ndidawasiya akumanga ndi kumasula, akumanga ndi kumasula, mpaka mdima udagwa.

Tikumanenso pa mkeka uno miyezi itatu ikudzayi, Insha Allah. Wassalamu alaikum.